Kodi mumadziwa? Wapolisi wakuda wa m'nthawi ya makauboyi

Okonda mafilimu a makauboyi ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni anazolowera kuona mzungu ndiye atavala nyenyezi ya upolisi pachifuwa. Komatu mmodzi mwa apolisi oopedwa kwambiri ku America masiku amenewo anali munthu wakuda, Bass Reeves. Anabadwira mu ukapolo ku Arkansas mu 1838. Mu 1875 anayamba ntchito yosaka zigawenga pansi pa woweruza Isaac Parker wa ku Fort Smith, ndipo akuti pa zaka 32 anagwira anthu pafupifupi 3,000. Nthawi zina ankadzizimbaitsa ngati wopemphapempha kuti asamuzindikire. Tsankho analibe: anamanga ngakhale mwana wake weniweni, Bennie, pa mlandu wakupha. Reeves anamwalira mu 1910, ndipo chiboliboli chake chinaimikidwa ku Fort Smith mu 2012.