Kodi Mumadziwa? Milu Yoyera ya ku Florida

Ku Florida, m'dziko la America, kumene amakumba miyala ya fosifeti yopangira feteleza, kuli milu yoyera yaitali ngati zitunda, yolemera matani oposa 1 biliyoni. Miluyi ilipo chifukwa pa tani iliyonse ya asidi imene fakitale itulutsa m'miyalayo, pamatsala matani pafupifupi 5 a fumbi lotchedwa phosphogypsum.

Mlimi aliyense angalikhumbire fumbili, popeza lili ndi calcium ndi sulfur, limafewetsa nthaka yolimba, ndiponso mtedza umakhwima bwino nalo. Komatu akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'fumbimo mumabisala radium-226, imene mphamvu yake imatha zaka 1,600 kuti itsike ndi theka, ndipo m'kutha kwake kwapang'onopang'onoko imabala mpweya wa radon, umene diso siliuona, ngakhale mphuno siiumva, koma ndiwo wachiwiri kwa fodya pa kudzetsa khansa ya m'mapapo.

Chodabwitsa n'chakuti wolima pamunda wothiridwa fumbili sindiye ali pangozi yaikulu, chifukwa pabwalo mphepo imaumwaza mpweyawo. Amene akuluakulu a boma anamudera nkhawa kwambiri ndi mdzukulu wodzamanga nyumba pamunda womwewo, mlimi atapita kale kuli chete, pakuti radon ikakwera kuchokera m'dothi ndi kulowa m'ming'alu ya pansi, imaunjikana m'chipinda chotsekedwa.

Chotero m'chaka cha 1989 bungwe la boma la America loteteza chilengedwe, la EPA, linalamula kuti fumbili lizisungidwa m'milu. M'chaka cha 1992 linalola, mochenjera ndithu, kuti lithiridwe m'minda ngati radium yake siipitirira muyezo wa mapicocurie 10 pa galamu. Fumbi lochuluka la m'chigawo chapakati cha Florida limaposa muyezo umenewu.