DZINA LA VICTORIA SILINACOKE NDI ATSAMUNDA

M'midzi yambiri ya cigawo ca kum'mawa, kuyambira ku Petauke kufikira ku Lundazi, simusowa mai kapena mtsikana wochedwa Victoria, amene anansi amangomuitana kuti Vikitoliya. Dzinali ndi la Cilatini, ndipo tanthauzo lake ndilo cigonjetso. Imene inaliwanditsa ndi Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande, imene inakhala pa mpando zaka 63, kucokera mu 1837 kufikira imfa yake mu 1901.

Mfumukaziyi siinapondepo phazi mu Afirika, koma anthu ake anali kufesa dzina lake kulikonse kumene anafika. Mu November 1855 David Livingstone anaona mathithi a pa Zambezi, amene Akololo anali kuwacha Mosi-oa-Tunya, ndiko kuti utsi wogunda. Iye anawapatsa dzina la Victoria Falls, monga ngati anatola mwana wopanda dzina. Patapita zaka zitatu John Speke anacita cimodzi-modzi ndi nyanja yaikulu ya pakati pa Uganda, Kenya ndi Tanzania.

Kwa Angoni dzinali liri ndi cipsera. Mu 1889 Mfumukaziyi inapatsa cilolezo kampani ya Cecil Rhodes, imene pambuyo pake inalamulira dziko lino kufikira 1924. Iyo ikali pa mpando, mu January 1898, asilikari a Angelezi anathira nkhondo Mpezeni ndi mfuti za ciwaya. Midzi inapsa, ng'ombe zikwi-zikwi zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa mfumu, anamuombera. Cigonjetso ca caka cimeneco cinali ca eni dzina.

Ufulu utabwera, maina ambiri a atsamunda anafafanizidwa. Fort Jameson inasanduka Chipata, Broken Hill inakhala Kabwe, Abercorn nikhala Mbala. Mu 1982 Zimbabwe inacotsa dzina la Fort Victoria, mzinda umene lero ndi Masvingo. Caka comweco doko la Victoria ku Cameroon linachedwa Limbe, lofanana ndi Limbe wa ku Malawi. Koma mathithi aja akali kuyenda ndi maina awiri, pakuti alendo obwera ndi ndalama amadziwa kwambiri la Mfumukazi.

Pakati pa anthu namo dzinali linakhazikika, ndipo ena a amai olisenza anagwira nchito yolemera. Amai Victoria Chitepo anafedwa amuna awo, a Herbert Chitepo, mtsogoleri wa ZANU, amene anaphedwa ndi bomba m'galimoto ku Chilenje mu Lusaka pa 18 March 1975. Zimbabwe italandira ufulu, maiwa anakhala nduna yoyang'anira za cilengedwe ndi alendo okaona malo, kotero kuti tsidya lija la mathithi linali m'manja mwa Victoria wakuda.

Kuno kwao kwa Nsingo, anthu a ku Kasenengwa, pafupi ndi Chipata, anasankha Amai Victoria Kalima kukawaimira ku Nyumba ya Malamulo mu 2011. Mu 2016 anaikidwa kukhala nduna ya boma, ndipo anamwalira akali pa udindowo mu June 2018.