Nyumba ya m'mphepete mwa dambo

Ambiri mwa ophunzira amene amatsiriza maphunziro pano, akabwerera kwao amayamba ndi kupempha malo kwa anyakwawa, ndipo maso ao amathamangira kufupi ndi dambo. Sitiwadzudzula. M'mwezi wa Sepitembala, pamene kumtunda kuli fumbi lokhalokha ndipo mbuzi zikubudula makungwa a mitengo, dambo limakhala likali lobiriwira. Yense woyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata amadzionera yekha milu ya matimati, anyezi, repu ndi nzimbe imene amai amagulitsa m'mbali mwa mseu cilimwe cili pakati. Zambiri mwa zimenezo zimacokera m'madimba, ndipo ana ambiri a ku Petauke, Katete ndi Chadiza aphunzira sukulu ndi ndalama za m'dimba.

Koma kukhala ndi dimba ku dambo n'kosiyana ndi kumanga nyumba imene kuseri kwake kuli dambo. Wa dimba amapitako m'mawa nabwerako dzuwa likakwera. Womanga amagona komweko pamodzi ndi ana, ziweto ndi nkhokwe yake. Akulu anati walira mvula walira matope. Cimene taona poyendera ophunzira athu akale n'cakuti mavuto ambiri amene anthu amanamizira dambo sabadwira m'dambomo. Amabadwira pa kadera kakang'ono ka pakati pa khonde ndi madzi, ndipo amene amawayambitsa ndi mwini nyumba.

Nkhani imayambira pa tsiku losankha malo. Pafupifupi onse amasankha m'cilimwe, cifukwa ndiyo nthawi youmba njerwa ndi kumweta udzu. Pamenepo nthaka yonse imaoneka youma ndi yolimba, ndipo munthu amakhoma zikhomo pafupi ndi dimba kuti asamayende mtunda ndi makheni. Malo a m'mbali mwa dambo ayenera kuonedwa mu Febuluwale, mvula itakhathamira. Ngati simungadikire, funsani mitengo. Mitengo ya mombo ndi inzake ya m'thengo sikonda kuti mizu yake izikhala m'madzi, cotero imalekeza pa mzera woonekeratu, ndipo kucokera pamenepo kutsika kumunsi kumakhala udzu wokhawokha. Mzera umenewo ndi umboni wa zaka zambiri wosonyeza pamene madzi a pansi amafika m'dzinja. Nyumba imangidwe kumtunda kwa mzerawo, pakati pa mitengo. Mungathenso kukumba dzenje lofika m'ciuno: dothi likatuluka lotuwa, la mawangamawanga onga dzimbiri, dziwani kuti pamenepo madzi amagona miyezi ingapo caka ciliconse.

Dothi la makande la pakati pa dambo ndilo loipitsitsa kumangapo. Likamwa madzi limafufuma, likauma limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, ndipo khoma loima pamwamba pake limang'ambika nalo. Ngakhale kumtunda, maziko akhale a njerwa zootcha, okwera bwino, ndipo pamwamba pa maziko muyale pulasitiki yakuda musanayambe khoma, kuti cinyontho cisakwere. Nkhokwe ikhale kumtunda kwenikweni ndi pa miyendo yaitali. Nkhungu ya m'mawa imacedwa kucoka ku dambo, ndipo cimanga ndi nshawa zosauma bwino zimacita cuku, cimene cimadwalitsa anthu ndi ziweto zomwe.

Tifike pa udzudzu, pakuti ndiwo umene aliyense amayamba kuchula. N'zoona kuti kufupi ndi madzi udzudzu umaculuka. Koma udzudzu wofalitsa malungo sukonda kwenikweni dziwe lakuya mmene muli matemba ndi milamba, cifukwa nsomba ndi tizilombo tina timadya ana ake. Umakonda timadzi tosaya, todikha, toombedwa ndi dzuwa: m'mapazi a ng'ombe, m'ngalande yotsekeka, ndipo makamaka m'maenje amene tinakumbamo dothi la njerwa. Nyengo ikakhala yotentha, dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masiku khumi kapena kupitirirapo pang'ono. Tsono taganizani za munthu amene waumba njerwa za nyumba yake m'mbali mwa dambo, nasiya maenje atatu kuseri kwa cipinda cogona ana. Iyeyo akamadandaula za dambo, dambolo lilibe mlandu. Maenjewo akwiriridwe mvula isanagwe, kapena limodzi likuzidwe likhale dziwe lenileni la nsomba, la m'mbali motsetsereka bwino ndi mopanda udzu. Neti yonyikidwa m'mankhwala ikhale pa mphasa iliyonse caka conse, pakuti kwa wokhala ku dambo nyengo ya malungo siitha ndi mvula. Mwana akatentha thupi apite kukapimidwa tsiku lomwelo.

Cimbudzi ndi citsime ndi nkhani imene anthu sakonda kuikamba pa gulu, koma ndiyo yoopsa koposa. Ku dambo madzi a pansi ali pafupi, n'cifukwa cake citsime ca kumeneko sicivuta kukumba. Cifukwa comweco cimacititsa kuti dzenje la cimbudzi lifike msanga pa madzi omwewo. Alangizi a zaumoyo amati cimbudzi citalikire citsime mamita osacepera 30, ndipo cisakhale pamwamba pa citsime molunjika kumene madzi amatsikira. Pa nyumba yoyang'ana dambo zimenezi zimafuna kuganiza, popeza nyumba ili kumtunda ndipo citsime cili kumunsi. Cimbudzi cipite cam'mbali, patali, pa malo okwera, ndipo dzenje lisafike pa madzi. Khola la ng'ombe nalonso lisakhale pamwamba pa citsime. Citsime comwa cikhale cosiyana ndi cothirira mbeu, cikhale ndi khoma lokwera ndi cotsekera, ndipo madzi ake aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. Cotsekeraco cili ndi nchito inanso: zitsime za m'madimba zimakhala zapululu, zobisika m'udzu, ndipo mwana woyamba kuyenda sacedwa kutsetserekeramo.

Likodzo limayenda njira yofanana ndi imeneyi. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo amaswa ndi kulowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi. Patapita masabata angapo tizilomboto timatuluka mu nkhono ndi kuboola khungu la yense wosamba, wocapa kapena woimirira m'madzimo. Nkhono payokha siibweretsa matenda ngati palibe anaipatsa. Cotero banja limene liri ndi cimbudzi, ndipo ana ake ndi abusa a ng'ombe aphunzitsidwa kusadzithandiza ku dziwe, lathandiza kuteteza mudzi wonse. Madzi osamba otungidwa ku dziwe akhale m'mgolo masiku awiri athunthu, cifukwa tizilomboto sitikhala moyo nthawi yaitali tikasowa munthu. Mnyamata wokodza magazi sanakule ai, monga ena amanenera. Wadwala, ndipo mankhwala ake ali ku cipatala.

Ng'ombe nazo ziri ndi nkhono zao. Zikamadya msipu wa m'malo a lowe zimameza tizilombo timene timakakhala m'ciwindi, ndipo ng'ombe imaonda ngakhale ikudya, mpaka mwini wake kudzaona ciwindi cowonongeka pa tsiku lophera. Funsani alangizi a ziweto za mankhwala ndi nthawi yomwetsera. Mbuzi zisagone pa matope, zimaola ziboda.

Cisanu ca mu Juni ndi Julayi cimadabwitsa obwera kumene. Mphepo yozizira imalemera, ndipo usiku imatsikira kumunsi monga madzi, nkukakhazikika m'dambo. Matimati, nyemba ndi nthoci za pansi penipeni zimapsa usiku umodzi, pamene repu, kabichi ndi anyezi zimapirira. Mbeu zosalimba zikhale cakumtunda kwa dimba miyezi imeneyo.

Madzi amene mumatunga m'dimba mu Okutobala ndi mvula imene inagwa kumtunda mu Januwale, nilowa pansi, niyenda pang'onopang'ono mpaka kudzatulukira m'mphepete mwa dambo. Amene atentha makala ndi kugwetsa mitengo yonse ya kumtunda kwa nyumba yake waumitsa citsime cake, cifukwa mvula idzangothamanga pamwamba ndi kukwirira dimba ndi mcenga. Coopsa cina ndi ngalande. Munthu amaona madzi aculuka m'dimba, nakumba mcera woongoka pakati pa dambo kuti acoke msanga. Madzi saiwala khwawa. Caka cotsatira mcerawo ndi cigwembe, ndipo cigwembeco cimakoka madzi a pansi a dambo lonse, zitsime za anansi ziuma. Kumene madzi aculuka, kwezani mabedi, kapena bzalani mpunga ndi nzimbe. Pakati pa dambo, mmene madzi amayenda, musiye bango ndi udzu wake wacilengedwe. Mitengo ya bulugamu, imene imamwa madzi ambiri, isabzalidwe pa gwero. Wopopera mankhwala asatsukire sipuleya yake ku dziwe kumene anthu amapha nsomba ndi ng'ombe zimamwa.

Mau oti anansi tawachula dala. Anyakwawa angakupatseni malo a nyumba ndi dimba, koma dambo ndi la mudzi. Kumeneko anthu amamweta udzu wofolera, amadula bango la mphasa, ndipo ng'ombe za mudzi wonse zimadalira msipu wake kucokera mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Milandu yambiri ya ku bwalo m'cilimwe imakhala ya ng'ombe zimene zalowa m'dimba, ndipo kawirikawiri mukafufuza mumapeza kuti mwini dimba anatseka njira yakale imene ng'ombezo zinkapitira kukamwa. Musanazike mpanda, yendani malirewo pamodzi ndi anyakwawa ndi eni ng'ombe, mugwirizane pamene padzakhala mpata wa ziweto. Mpandawo ukhale wolimba, ndipo kunja kwake mulambule udzu mu Meyi kapena Juni, pakuti moto wa alenje a mbewa ukalowa m'dambo louma mu Sepitembala umathamanga kuposa munthu, ndipo nyumba ya udzu yoyandikira dambo ndiyo yoyamba kufikiridwa.