Malume Anasiya Kumanga pa Mawu a Pakamwa

Kale malume anga akapambana tenda ankasaina kontrakiti ataimirira, osawerenga ngakhale tsamba limodzi. Ntchito yokha ankaidziwa: khoma lawo silinkapendekeka, konkire wawo sankang'aluka. Koma ndalama zinkawapulumuka m'manja. Mwini nyumba akafika pa saiti n'kunena kuti apa muwonjezerepo khonde, iwo ankangoti chabwino bwana, simenti n'kugula. Pa tsiku lolipira, bwana yemweyo ankafunsa kuti zimenezo zinalembedwa pati. Mvula ikachedwetsa ntchito, chindapusa chinkagwera iwo. Mwezi ukatha amisiri ankadzaza pakhomo kudikira malipiro, malume ali m'chipinda, foni atazimitsa.

Onani lero! Chinawasintha ndi mayi wina, loya wa nkhani za zomangamanga, amene mnzawo anawalozera ku Blantyre. Malume anapita akuganiza kuti akukasumira munthu ku khoti la zamalonda. Mayiyo anawerenga mapepala onse, kenaka anati, "Bambo, mlandu uwu ulibe mboni. Tiyeni tikonze ntchito ikubwerayi musanaisaine."

Anawakhazika pansi ndi buku lofiira la FIDIC la 1999, limene ntchito zambiri zikuluzikulu zimatsatira, n'kuwaonetsa ndime 20.1: kontrakitala akachedwetsedwa kapena akaononga ndalama zowonjezera, alembere injiniya pasanathe masiku 28 chidziwire vutolo. Akadutsitsa, basi, zake zapita, ngakhale chilungamo chili mbali yake. Malume anagwira pakamwa. Zaka zonsezi ankadandaula pakamwa pokha, mwaulemu, poopa kukhumudwitsa bwana.

Kuyambira pamenepo pa saiti panabwera kope lachikuto cholimba. Ine ndinaligwirapo: masamba ake ali ndi zidindo za zala za simenti, ndipo kapitawo amalembamo tsiku lililonse kuti mvula inayamba nthawi yanji, anagwira ntchito anthu angati, mapulani anafika liti. Bwana akanena za khonde, malume amamwetulira, n'kumupatsa cholembera. Ndalama za ritenshoni, zija mwini ntchito amasunga podikira kuona ngati nyumba ituluke ndi vuto, tsopano zili pa kalendala, ndipo tsiku likakwana kalata imanyamuka m'mawa womwewo. Ngakhale satifiketi yawo ya ku bungwe loyang'anira makontrakitala, lija linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, inasiya kutha ntchito iwo osadziwa.

Chisangalalo chenicheni chinabwera mu November 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Simenti, malata ndi zitsulo zinakwera usiku umodzi, makontrakitala ambiri manja ali m'khosi. Koma mayi uja anali atakakamira kuti mu kontrakiti mulowe ndime yosinthira mtengo zinthu zikakwera, ndipo ndikunenetsa kuti imeneyo ndiyo ntchito yaikulu ya loya wotere, yoposa kuvala mkanjo wa kukhoti. Kalata inapita pa nthawi yake, makotesheni akale ndi atsopano ataphatikizidwa. Injiniya anawerengera, anavomereza, ndalama zinalowa, popanda woweruza aliyense kulowererapo.

Malume anavina pa mulu wa mchenga, chisoti chili kumutu, amisiri akuwomba m'manja. Mwezi umenewo aliyense analandira zake pa tsiku lake. Pano agula makina awoawo osakanizira konkire, alemba mtsikana wowerengera zipangizo, ndipo kontrakiti ya midadada iwiri ya sukulu ili pa tebulo la mayi loya, akuiwerenga ndime ndi ndime.