Utoto umene umaulula za m'chifu pakholingo

Mawu asasa kwa miyezi, pakhosi pakumveka ngati pakakamira kanthu, m'mawa uliwonse munthu akulimbana ndi makhololo. Koma dokotala akafunsa za chilungulira, odwala ambiri amapukusa mutu. Umu ndi mmene amabisalira matenda a laryngopharyngeal reflux, kapena LPR: timadzi ta m'chifu timakwera mpaka pakholingo popanda kuwotcha pamtima.

Kafukufuku wa dokotala wa ku America, Jamie Koufman, anatchukitsa nkhaniyi mu 1991, koma kutsimikiza kuti munthu ali ndi matendawa kukuvutabe. Pali mafunso asanu ndi anayi amene anakonzedwa mu 2002, ndipo wopeza mapointi oposa 13 amakayikiridwa. Pali kusuzumira pakholingo ndi kakamera kuti aone ngati pafiira, komanso kachubu kolowetsa m'mphuno kamene kamayeza asidi kwa maola 24. Vuto n'lakuti kholingo la wosuta fodya kapena woimba kwaya limafiiranso. Mu 2006, Michael Vaezi ndi anzake anapeza kuti mankhwala ochepetsa asidi a esomeprazole, atamwedwa kwa masabata 16, sanapose mapiritsi opanda mankhwala.

N'chifukwa chake ofufuza atembenukira kwa pepsin, chinthu chogaya nyama ndi zakudya zina zomanga thupi, chimene Theodor Schwann anachitulukira mu 1836. Kwawo kwa pepsin ndi m'chifu. Akapezeka pakholingo ali ngati mapazi a mbuzi m'dimba: mwini dimba safunsanso ngati inalowa. Nikki Johnston wa ku Medical College of Wisconsin anasonyeza kuti maselo a kholingo amammeza pepsin, ndipo ngakhale atazizira pamalo opanda asidi, amadzukanso asidi akabwera.

Ntchito yofufuza pepsin pakholingo imayamba kachotupa kakadulidwa pa timinofu totulutsa mawu. Ku labotale amakaviika mu formalin, n'kukaumitsa mu phula, kenako amakasenga tizidutswa topyapyala kwambiri kuposa tsitsi n'kutiyala pa kagalasi. Amadonthezapo ma antibody amene amagwira pepsin yekha, n'kuthirapo mankhwala otulutsa mtundu. Pa maikulosikopu, pamene pali pepsin pamaoneka pofiirira, pomwe timitima ta maselo timaoneka tabuluu. Njirayi, immunohistochemistry, ndi yomwenso amagwiritsa ntchito posiyanitsa mitundu ya khansa, ndipo inamera pa ntchito ya Albert Coons ya mu 1941.

Komabe tisathamange. Utotowo umangonena kuti za m'chifu zinafikapo. Sunena kuti ndizo zinayambitsa chotupacho, makamaka kwa munthu wosuta kapena wokuwa tsiku lonse. Ndiponso palibe dokotala wanzeru angacheke kholingo labwinobwino pofuna pepsin basi. Njirayi imathandiza amene akuchitidwa kale opaleshoni, chifukwa kanyama kamene kapita kukayezedwa khansa kangayankhenso funso lachiwiri. Kwa enawo, akatswiri a ku Hull ku England anakonza Peptest, yofufuza pepsin m'malovu.