Ng'ombe Yolankhula Imene Kompyuta Ikulephera Kuipeza

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, lero tiphunzira kulamula kompyuta ndi mau olembedwa pa windo lakuda lija lochedwa terminal. Citsanzo cathu ndi kapulogalamu kochedwa cowsay, kamene Tony Monroe analemba mu 1999. Nchito yake ndi kujambula ng'ombe imene imanena mau alionse amene mwaipatsa.

Pa kompyuta ya Debian Linux, mphunzitsi amalowa monga mwini wace wa makina, amene dzina lace ndi root, ndi kulemba kuti apt install cowsay. Kompyuta imatenga pulogalamuyo pa intaneti ndi kuisunga. Koma akalemba cowsay Moni, yankho limabwera lakuti command not found, ndiko kuti lamulolo silinapezeke. Ambiri pamenepa amabwereza kuika pulogalamuyo kawiri kapena katatu, ndipo nthawi ya phunziro imatha pacabe. Ng'ombe ija ilimo ndithu m'kompyuta.

Taganizani za mwana amene amai ace am'tuma kukafuna mtondo, namuchulira nyumba zisanu zokha zoti akafunseko. Mtondo ukakhala pa nyumba yacisanu ndi cimodzi, iye adzabwerera cimanjamanja. Kompyuta nayo ili ndi mndandanda wa mafoda amene imafunamo malamulo, kuyambira loyamba kufikira lomaliza, ndipo mndandandawo umachedwa PATH. Lembani echo $PATH kuti muuone. Maina a mafoda amalekanitsidwa ndi timadontho tiwiri toimirira.

Tsopano funsani kumene ng'ombe inaikidwa polemba dpkg -L cowsay. Mudzaona kuti ili mu /usr/games, foda ya masewera. Debian anaika foda imeneyi pa mndandanda wa anthu wamba, koma pa mndandanda wa root palibe. Mukalemba adiresi yonse, /usr/games/cowsay Moni, ng'ombe idzakupatsani moni pomwepo.

Kuti musamalembe adiresi yaitaliyi nthawi zonse, onjezani fodayo pa mndandanda motere:

export PATH="$PATH:/usr/games"

Apa cenjerani kwambiri. Mau akuti $PATH m'kati mwa mzerewu ndiwo amasunga mndandanda wakale. Mukawaiwala, mndandanda wonse umafafanizika ndi kutsala foda imodzi yokha, ndipo ngakhale lamulo la ls, longoonetsa mafailo, limakana kugwira nchito. Zikatero musacite mantha. Tsekani windolo ndi kutsegula lina, cifukwa cimene mwasintha ndi export cimatha windo likatsekedwa.

Pa cifukwa comweco, mzerewu muuyese coyamba pa windo. Mukaona kuti wagwira bwino, ndipo pamene muulembe kumapeto kwa failo yochedwa .bashrc, imene kompyuta imawerenga potsegula windo latsopano. Colakwa colembedwa m'failo imeneyi cimabweranso tsiku ndi tsiku kufikira wina atacikonza.

Kunena zoona, aphunzitsi, ana sayenera kugwira kompyuta monga root, pakuti root angathe kufafaniza ciliconse popanda womuletsa. Mukatha kuika pulogalamu, lembani exit, ndipo ana alowe ndi maina ao kuti aliyense alankhulitse ng'ombeyo.