Kuvutitsana pa Sukulu

Werengani nkhaniyi.

Pa sukulu pamakhala ana osiyanasiyana. Ena ndi aatali, ena ndi aafupi. Ena amacita cibwibwi polankhula. Ena ndi alubino. Kuyambira mu 2022, pamene maphunziro anakhala aulere m'Zambia, ana ambiri amene anasiya sukulu anabwerera. Ena mwa iwo ndi aakulu kuposa anzao a m'kalasi. Ana onsewa ali ndi ufulu wophunzira mosaopa.

Koma pali ana ena amene amavutitsa anzao. Kuvutitsa ndi kucitira mnzako zoipa mwadala, mobwerezabwereza. Wina amamenya kapena kukankha. Wina amalanda pensulo kapena vitumbuwa pa nthawi ya bureki. Wina samenya, koma amapatsa mnzake dzina lonyoza, kapena kumuuza kuti, "Coka apa, sitisewera na iwe!" Mau otere sasiya cilonda pakhungu, koma amapweteka mumtima.

Wovutitsa amakonda kunena kuti, "Nenze kusewera cabe." Koma pa masewera enieni, monga ciyato ndi waida, onse amakondwa. Ngati wina akuseka pamene wina akulira, amenewo si masewera.

Mwana wovutitsidwa amayamba kuopa sukulu. M'mawa amanena kuti m'mimba mukupweteka. M'kalasi saimika dzanja ngakhale yankho alidziwa. Ena amaleka sukulu. Mwana wotere ayenera kudziwa kuti wolakwa si iye.

Kodi angacite ciani? Coyamba, aimirire bwino ndi kunena molimba kuti, "Leka, sinifuna!" Caciwiri, asabwezere, cifukwa ndeu imabala ndeu ina. Acoke pamalopo ndi kupita pamene pali anthu. Cacitatu, auze munthu wamkulu: aphunzitsi, makolo kapena ambuye. Ngati woyamba sanamve, auzenso wina. Kuulula nkhanza si miseche. M'Zambia mulinso nambala ya foni ya 116, imene ana amaimba kwaulere akafuna thandizo.

Nanga ana amene amaonerera? Iwo ali ndi mphamvu yaikulu. Wovutitsa amalimba mtima anthu akamaseka. Akaleka kuseka, iye amacita manyazi. Mwana wacifundo amadzifunsa kuti, "Akanacitira ine zimenezi, ndikanamva bwanji?" Ndipo amapita kwa mnzake amene wakhala yekha ndi kumuuza kuti, "Bwera, tisewere tonse." Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Wovutitsa nayenso angasinthe. Apepese, abweze cimene analanda, ndipo aitane mnzake ndi dzina lake lenileni.

Mau atsopano
mwadala, nkhanza, miseche, cifundo

Mafunso
1. Kodi kuvutitsa kumasiyana bwanji ndi kusewera?
2. Lembani zinthu zitatu zimene mwana wovutitsidwa angacite.
3. Kodi mwambi wa m'nkhaniyi utanthauza ciani?
4. Awiriawiri, citani sewero loonetsa mwana wacifundo.